Ngala Zoyera m'Munda wa Apongozi

Mwana wanga woyamba anabadwa mu Okutobala, nthawi imene ku Chapananga mbuzi zimagona pansi pa nkhokwe tsiku lonse osafuna ndi msipu womwe. Anabadwa woyera. Sindikunena kuyera kumene makanda onse amabadwa nako kenaka n'kuda pakapita masabata. Anali woyera khungu, tsitsi ndi nsidze zomwe. Azimayi awiri amene ankandithandiza anayang'anana. Mmodzi anakoka malaya ake pachifuwa n'kulavuliramo, monga amachitira anthu akaona mwabi kuti nawonso asadzabereke wotero. Apongozi anga anasuzumira, anayang'ana mwanayo, n'kutuluka osalulutira.

Ine ndinali mtengwa pamudzipo. Kwathu ndi ku Maseya, ndife Amang'anja, koma ndinakwatiwa ndi mnyamata wa Chisena amene makolo ake anachokera ku Mozambiki. Anandilowola, ndipo ndinapita kukakhala kwawo. Bambo ake anali atamwalira ine ndisanafike, choncho pakhomo mawu anali a mayi ake. Ine mawu ndinalibe. Kuyambira ndili mwana, munthu wamkulu akandifunsa kanthu ndinkayang'ana zala zakumapazi. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndipo m'kalasimo sindinakwezepo mkono.

Kumayambiriro kwa chaka chimenecho, mvula ili pakati, kunabwera lole kudzatenga azimayi kuti tikavine. Mtsogoleri wa dziko ankabwera kuchigwa kudzayendera mbewu. Zimenezi sizinali zofunsana. Mayi aliyense wamphamvu zake ankavala nsalu ya chipani n'kukwera. Tinakagona masiku angapo m'kalasi ya sukulu ina pafupi ndi Nchalo, titapanikizana ngati nsomba padengu. Pabwalo pamene tinavinira panali azungu a ku minda ya nzimbe atakhala pamthunzi. Ndinawaonera kutali, ndipo chimene ndimakumbukira ndi maondo awo ofiira basi.

Mwana atabadwa, apongozi anawerenga miyezi pa zala zawo, ndipo zala zinakafika pa ulendo uja.

Masiku amenewo munthu sukananena kuti kuvinako kunabweretsa choipa. Wonena zotero ankatengedwa pa galimoto, ndipo abale ake sankafunsa kumene wapita. Choncho palibe amene anatchula lole kapena gule. Ankangoti, "Kumene anapita kuja." Mlandu wonse unatsalira ine.

Mwamuna wanga sanali wankhanza. Anali mlimi wa thonje, wosalankhulalankhula, woopa mayi ake. Sanandimenye ndipo sanandifunse kanthu. Anangotenga mphasa yake n'kumakagona pakhonde la mayi ake. Pa mwambo wa kumeneko, mwana akakhwima pang'ono bambo ake amayenera kumulandira pamphasa, zimene ife timati kutenga mwana, ndipo dzina limachokera kuchimuna. Mwamuna wanga sanamutenge, sanamukhudze, sanamutchule dzina. Apongozi ananena poyera kuti tikakolola ndidzabwezedwa kwathu ndi katundu wangayo. Anafuna kuti ndiyambe ndalima kaye ndi kuingitsa mbalame, pakuti manja a mtengwa sataya dzinja.

M'mawa apongozi ankasesa mpaka pakhomo panga, kumene kale sankafikako.

"Bwana adzuka?" ankafunsa motero, mwaulemu wonse. "Tiyi mwawathirira? Shuga musaumire, mtengwa. Kwawo ndi kunzimbe komweko, akatumiza wina."

Ine ndinkangoti, "Tadzuka, amayi."

Ana a pamudzi ankaima kuseri kwa khola n'kumaimba kuti napweri, napweri. Ndikamapita kumjigo ndinkamufunditsa mwanayo nsalu mutu wonse. Ndinkadziuza kuti ndikumuteteza ku dzuwa, ndipo zinali zoona, koma sizinali zokhazo.

Atakwana mwezi ndi kanthu ndinapita naye kusikelo, kuchipatala cha mishoni. Ndi ulendo wonyamuka kusanatenthe n'kubwera dzuwa litapendeka. Namwino amene anatilandira anali mayi wachikulire ndithu, wa mawu aakulu. Anamuvundukula mwanayo osadzidzimuka, anamuyeza, n'kutenga cholembera.

"Dzina?"

"Alibe."

"Mwamuna wonenepa chonchi alibe dzina? Nanga pakhomo mumamuitana bwanji?"

"Ena amati Bwana."

Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana mpaka ndinayamba kulira. Ndinamuuza zonse, koma za lole ndinanena motsitsa mawu.

"Tamverani, mayi," anatero. "Mzungu akabereka ndi munthu wakuda, mwana amatuluka mkaladi. Makaladi munawaonapo? Tsitsi lawo limakhala lotere? Tayang'anani mphunoyi. Iyi ndi mphuno ya kumudzi konkuno, mwini wake mukumudziwa."

Kenaka anatsegula mabotolo awiri. Anatenga mapiritsi ofiira oonjezera magazi aja ndi mapiritsi oyera a mutu. M'dzanja lake lamanja anaikamo lofiira limodzi ndi loyera limodzi, kumanzerenso chimodzimodzi.

"Dzanja ili ndinu, ili ndi bambo ake. Aliyense wa inu ali ndi ziwiri, chofiira ndi choyera. Chofiira chikakhalapo, choyera chimabisala, n'chifukwa chake nonse ndinu akuda. Mwana amatenga chimodzi kwa mayi, chimodzi kwa bambo. Tsinzinani, mutole limodzi uku, limodzi uku."

Ndinatola. Linali lofiira ndi loyera.

"Ameneyo ndi wakuda, koma wabisa. Bwezani, tolaninso."

Ndinatola kambirimbiri, anthu pamzere akung'ung'udza panja. Nthawi zambiri pankakhala lofiira. Oyera awiri ankabwera mwa apo ndi apo.

"Njira zilipo zinayi," anatero namwinoyo. "Chofiira ndi chofiira, chofiira ndi choyera, choyera ndi chofiira, choyera ndi choyera. Yomalizayo ndi uyu. Mayi yekha sangabereke mwabi, pamafunika onse awiri. Ngakhale mbewu zakumunda zimayenda choncho. Mumuveke chipewa, ndipo dzuwa lamasana lisamuone. Wina alowe."

Pobwerera sindinaganize za mapiritsi. Ndinaganiza za mapira.

Chimene chinanditulutsa sukulu ndi mbalame. Mapira akayamba kukhwima pamafunika mwana pansanja kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, kukuwa, kukoka zingwe za zitini ndi kuponya zibuma. Kwathu mwanayo ndinali ine. Munthu ukakhala pansanja miyezi, chaka ndi chaka, ngala umazidziwa ngati nkhope za anthu. Mayi anga ankalima mapira oyera mbali ina, ofiira mbali ina. Oyera ndi okoma, koma mpheta zimawakonda. Ofiira ndi owawirako, mbalame siziwafuna kwenikweni. Mapira akamachita maluwa, mungu wambiri umagwera pa ngala yomweyo, koma wina mphepo imaupititsa kwa anzake. Ndinkaona kuti m'munda wa oyera mumatuluka ngala zofiira pang'ono, ngakhale tinadzala zoyera zokhazokha.

Chaka china, chifukwa chosowa chochita, ndinatenga ngala imodzi yofiira yotereyi, ndinaisunga, n'kudzaidzala yokha pachulu pafupi ndi nsanja. Inabala zofiira zambiri, koma pakati pake panali zoyera, ngati imodzi pa zitatu zofiira zilizonse. Chaka chotsatira ndinadzala ngala ina yofiira, ndipo inabala zofiira zokhazokha. Sindinauze munthu, poti panalibe wondifunsa. Chifukwa chake sindinachidziwe mpaka tsiku lija namwino anandiuza kuti nditsinzine.

Apongozi anga anali ndi mapira awo ofiira amene ankawanyadira kuposa ng'ombe. Ankati mbewuyo anabwera nayo mayi awo kuchokera kutsidya, ndipo sinasakanizikepo ndi mbewu ya munthu. Koma ine ndinali nditaingitsa mbalame m'munda mwawo dzinja lathalo, ndipo ngala zoyera ndinaziona, apa imodzi, apo imodzi. Iwo ankazidula zikangoonekera, chifukwa ngala yoyera imaitana mpheta m'munda wonse. Ankati mbalame ndi zimene zimagwetsa njere zochokera m'minda ya Amang'anja.

Ndisanaganize chochita, kunabwera amayi atcheya a chipani a m'dera lathu. Ndi iwo amene anatitsogolera kokavina kuja. Anandipeza ndikusinja kuseri kwa nyumba, ndipo anakhala pamtondo wogubuduza ngati mnzanga.

"Mwana wanga, ndamva zimene akukuchita. Paja unagona pambali panga usiku uliwonse, ndinkakumva ukukukuta mano. Mzungu ameneyo analowera pati?"

Ndinaseka pang'ono, koyamba chiberekereni.

"Tsono tamvera. Ungondiuza mawu amene nkhalamba ija inanena. Kunyoza ulendo uja n'kunyoza amene tinakamuvinira. Ine ndikangopereka uthenga kumtunda, anyamata afika. Mwamuna wakoyo adzatchula maina atatu tsiku limodzi."

Ankanena zoona. Akanatchuladi, mayi ake ali m'galimoto. Ndipo tsiku lililonse akamuyang'ana mwanayo akanamaona galimotoyo. Ine ndinkafuna kuti aone mphuno yake.

"Sananene kanthu za ulendo, amayi," ndinayankha. "Amangofunsa za tiyi."

"Manyazi akowa adzakupha," anatero, n'kunyamuka.

Mitambo itayamba kusonkhana cha ku mapiri, apongozi anatsitsa ngala za mbewu zimene ankapachika kudenga la khitchini kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Anaziyala pamphasa pabwalo, zakuda ndi mwaye. Mwamuna wanga anali pomwepo akukhomera khasu mumpini. Ndinafika ndi mwana kumbuyo, ndinagwada, n'kuomba m'manja.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Ali ndi mawu," anatero apongozi, akuuza mwana wawo. "Chaka chonsechi ndinkayesa tinalowola wosalankhula."

"Mbewu yanuyi mumati ndi yofiira yokhayokha."

"Sindimati. Ndi yofiira."

"Ndikupempha musankhe ngala khumi, zimene inu mukuona kuti n'zofiira kuposa zonse. Ine ndisazikhudze. Bambowa apunthe okha, ngala iliyonse payokha, ndipo adzale okha, ngala iliyonse mzere wake. Adzale pa kamunda kaja kali pakati pa minda ya thonje, kumene kulibe mapira a munthu pafupi."

Mwamuna wanga analeka kukhoma.

"Ndiye zikatero?" anafunsa apongozi.

"Mizere yambiri idzafiira yonse. Koma umodzi kapena iwiri idzatulutsa zoyera. Mumzere wotero sizidzachuluka kuposa zofiira, ndipo sidzakhala imodzi yokha yoti munganene kuti yagwetsedwa ndi mbalame. Pa ngala zinayi padzakhala imodzi yoyera, kapena pafupi ndi pamenepo."

"Mwayamba kuombeza ula, mtengwa? Kutchalitchi akudziwa?"

"Si ula, amayi. Chofiira chimabisa choyera. Chikabisala mbali zonse ziwiri, chimatuluka popanda mlendo kulowa m'munda."

Apongozi anayang'ana mtolo umene unali kumbuyo kwanga, kenaka ine. Anamva bwino chimene ndinkanena.

"Nkhabe," anatero m'Chisena chawo, kukana. "Kwathu kulibe zimenezo, kumunda kapena kunyumba."

"Mizere yonse ikafiira, ndidzapita kwathu ndekha, osadikira wondiperekeza. Koma zikatuluka monga ndanenera, bambowa amutenge mwana wawo."

"Iwe," anatero mwamuna wanga, ndipo aka kanali koyamba kundilankhula pamaso pa mayi ake chibadwire mwanayo, "ukudziwa chimene ukunena?"

"Ndikudziwa, bambo."

Apongozi anavomera chifukwa ankaona kuti ndadzitsekulira ndekha chitseko. Anasankha ngala zawo mosafulumira, akuzipukuta mwaye ndi nsalu, akuzitembenuza padzuwa. Mvula itagwa, mwamuna wanga anapita yekha kukamundako ndi timapukusi khumi. Anakhoma chikhomo kumutu kwa mzere uliwonse. Ine ndinaima kumalire, manja kumbuyo.

Ndinamuuza kuti ndikudziwa, koma sindinkadziwa zonse. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ngala yobisa choyera imabala imodzi pa zinayi. Chimene sindikanadziwa n'chakuti mwa khumi zija munali yobisa kapena ayi. Kunja zonse zimaoneka chimodzimodzi. Ndinangolingalira kuti munda umene umatulutsa zoyera chaka chilichonse, mwini wake akuzidula chaka chilichonse, uyenera kukhala ndi zobisa zambiri ndithu. Ndikanapempha ngala ziwiri kapena zitatu, kukanakhala kutaya mwana dala. Ndikanapempha zambiri kuposa khumi, kamundako sikakanakwana. Zinali zotheka ndithu kuti apongozi atole khumi zosabisa kanthu, ine n'kupita kwathu ngati wachigololo pamene ndanena zoona. Zimenezi ndinkaziganiza polima, potunga madzi, poyamwitsa.

Dzinja limenelo mwanayo anakula. Anayamba kuseka, ndipo ankaseka ndi aliyense, ngakhale amene ankamulavulira. Maso ake ankayendayenda osakhazikika, ndipo panja ankatsinzina. Ndinamusokera kachipewa ka nsalu yakale, koma dzuwa la kuchigwa silisamala nsalu. Makutu ake ndi kumbuyo kwa khosi kunkatuluka matuza. Popalira ndinkamugoneka pansi pa mtengo wa masawu, ndipo mthunzi ukasuntha ndinkasiya khasu kukamusunthanso. Apongozi ankati mzere wanga ukutsalira chifukwa ndikutumikira Bwana. Tsiku lina nditabwerako kumapeto kwa mzere ndinapeza wina atazika nthambi zamasamba mbali ya dzuwa. M'mundamo tinalimo atatu, ndipo apongozi sakanachita zimenezo. Sindinafunse, mwamuna wanganso sananene.

Mapira aja anakula kupitirira munthu, anatulutsa ngala, anachita maluwa. Mbalame zitayamba, ntchito ya pansanja inali yanga, kumunda waukulu ndi ku kamunda kaja komwe. Njere zikakhala zamkaka zonse zimaoneka zobiriwira, sungadziwe kanthu. Kenaka zimayamba kusintha kuchokera kunsonga. Mzere woyamba unafiira wonse. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinkayenda m'mizeremo mwana ali kumbuyo, khosi litawawa ndi kuyang'ana kumwamba. Mapira safiira tsiku limodzi, ndipo ngala iliyonse yochedwa ndinkaiyesa yoyera, mawa lake n'kuipeza yayamba kufiira.

Koma mumzere wina wapakati, ndi wina wakumapeto cha ku thonje, munali ngala zimene zinakana. Zinzake zitafiira ngati dothi la kumtunda, izo zinauma zili mbuu. Sindinauze munthu. Ndinafuna zikhwime kaye kuti pasadzakhale wonena kuti n'zosapsa. Koma mpheta zinaziona, ndipo apongozi ankadziwa kuwerenga mpheta. Gulu la mbalame likamatera malo amodzimodzi, mwini munda amadziwa chimene chili pamenepo.

M'mawa wina ndinayambira kumunda waukulu. Pofika ku kamundako dzuwa linali litakwera. Ngala zoyera panalibe ndi imodzi yomwe. Panatsala mapesi odulidwa mitu, mabala ake akadali anyowa.

Ndinakhala pansi mumzeremo. Mwana anayamba kulira, ndinamuyamwitsa. Poyamwitsapo ndinkayang'ana mapesi aja, ndipo ndinaona kuti wodulayo sanazule. Phesi lililonse linali chiimire pamalo pake pakati pa anzake. Ndinadzuka n'kupita kumunda wa thonje kumene mwamuna wanga ankapopera mankhwala.

"Bambo, tiyeni mukaone mapira anu."

"Ndimalize kaye thankiyi."

"Ayi. Tsopano."

Sindinayambe ndamuuzapo ayi. Anatula chopoperacho, anasamba m'manja, n'kunditsatira.

Sindinamufotokozere kanthu. Ndinamusiya ayende yekha kuyambira pa chikhomo choyamba. Anadutsa mizere yofiira yosadulidwa ndi phesi limodzi lomwe. Atafika mumzere wapakati uja anachepetsa liwiro. Ankagwira mapesi akuyenda, milomo ikugwedera. Atatu amutu, limodzi lopanda. Asanu amutu, awiri opanda motsatizana. Pena ankayenda kamtunda osapeza lodulidwa, pena ankawapeza moyandikana. Atafika kumapeto anabwerera n'kuwerenganso mzere wonse, kenaka anapita ku wakumapeto uja.

"Uwu wapitirira pang'ono," anatero. "Uwo sunakwane pang'ono."

"Ndinati pafupi ndi pamenepo."

"Wadula ndani?"

"Tayang'anani kadulidwe kake."

Apongozi ankadula ngala mopendeketsa, kamodzi kokha, ndi kampeni kawo kopindika. Iye anakulira m'munda mwawo, sanafunikire kuuzidwa.

Tili chiimire choncho, apongozi eni ake anatulukira m'thonje, dengu lili pamutu, atabwerera zotsala. Atationa sanabwerere m'mbuyo. Sanali munthu wothawa.

"Amayi," anatero mwamuna wanga, "ngala za apa zili kuti?"

"Ndadula. Zimaitana mbalame. Ndimadula chaka chilichonse, iwe sudziwa?"

"Chaka chilichonse?"

"Chiyambire. Mayi anganso ankadula."

Atanena anayang'ana mapesi odulidwawo. Mwina anadzimva okha.

"Apa ndinadzala ndine," anatero mwana wawo motsitsa. "Ngala munasankha ndinu. Kuno kulibe munda wa Amang'anja. Ndipo mbalame zimenezo zinadziwa bwanji kugwetsera m'mizere iwiri yokha?"

"Mapira si munthu," anayankha apongozi. "Ukufuna kulandira mwana wa eni ake chifukwa cha mapesi? Mawa akakuuza kuti dzungu lanena zakuti, udzamveranso dzungu?"

Ine ndinamasula nsalu, ndinamutsitsa mwanayo, n'kumuvula kachipewa. Ndinamuimika m'manja mwanga moyang'anana ndi bambo ake, mumthunzi wa mapirawo. Anali asanamuyang'anepo pafupi chotero. Mwanayo anatsinzina, kenaka anatambasula dzanja n'kugwira batani la malaya awo.

"Amayi akunena zoona, mapira si munthu," ndinatero. "Munthu ndi uyu. Muyang'aneni."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Apongozi anatula dengu n'kukhala pansi chakumbali, akuyang'ana kwina.

"Ndikamutenga," anatero mwamuna wanga, "wotsatira adzakhala wakuda? Poti uyu watuluka kale. Mmodzi pa anayi, si choncho? Ndiye kuti atatu otsatira ndi akuda."

Ndinaona chimene ankafuna. Ankafuna mawu oti akauze mayi ake ndi anzake kumowa, kuti zinachitika kamodzi ndipo zatha. Ndikanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo.

"Ayi, bambo. Mwaona nokha mumzeremu awiri odulidwa motsatizana. Mimba siikumbukira ya dzana. Nthawi iliyonse timatolanso mwatsopano, chimodzi kwa inu, chimodzi kwa ine. Wotsatira angakhale wakuda, ndipo mwina adzakhaladi wakuda. Angakhalenso ngati uyu. Sindikulonjezani."

"Wamva?" anatero apongozi. "Akuti adzatidzazira mudzi."

"Ndikadzadzaza, tidzadzaza awiri, amayi. Ndekha sindingathe."

Mawu amenewo ndinawanena ndikuwayang'ana m'maso. Ndinatembenukira kwa mwamuna wanga.

"Ngati mukundibwezabe, nenani lero. Koma sindidzanyamuka m'bandakucha ngati wakuba. Ndidzadutsa pakati pa mudzi anthu atadzuka, ndipo aliyense wondifunsa ndidzamuuza abwere adzawerenge mapesi."

Anapukuta manja ake pa kabudula kawiri, ngakhale anali atasamba kale, n'kuwatambasula. Anamunyamula molakwika, ngati thumba la mbewu, ndipo ndinachita kumukonzera mkono. Mwanayo anamukodzera pamalaya. Iye anayang'ana chonyowacho n'kuseka pang'ono m'mphuno.

Kenaka anatchula dzina. Linali dzina la malemu bambo ake.

"Limenelo ayi," anatero apongozi, ataimirira. "Mupatse lina lililonse. Limenelo nkhabe."

Iye analitchulanso, mokweza, akuyang'ana mwanayo. Madzulo ake anachotsa mphasa yake pakhonde paja, ndipo mwambo wotenga mwana tinauchita sabata yomweyo. Lamulungu anamunyamula yekha mpaka kutchalitchi, atamuveka chipewa cha mlaza chimene anachita kukagula, chachikulu moti mwanayo ankaoneka miyendo yokha.

Apongozi sanagonje. Mpaka kumwalira kwawo sanamubereke kumbuyo mdzukulu wawoyo, ndipo dzina lija silinatuluke pakamwa pawo. Ankati "uja", kapena "wa mtengwa uja". Kumjigo azimayi ena anapitiriza kulavulira m'malaya, ndipo alipo amene mpaka lero amati ndinathira mankhwala m'mapira. Ine sindinawatsutse. Koma dzinalo linali la mwamuna wa apongozi, ndipo ine wosalankhula uja ndinkaima pakati pa bwalo tsiku lililonse n'kuliitana mokweza kuti mwana adzadye, iwo ali pakhonde pawo akumva.